Mwini Sukulu ndi Mwini Mayeso: Mawu a Aphunzitsi pa Yunivesite ya Mpingo

 Chaka ndi chaka, mayina a ophunzira osankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede za boma akatuluka, m'makomo ambiri muno m'boma la Chitipa mumangoti zii. Mwana anakhoza bwino mayeso a Fomu 4, mapointi ake ndi osachititsa manyazi, koma dzina lake palibe, chifukwa malo m'sukulu za boma ndi ochepa pomwe okhoza ndi ambiri. Apa m'pamene banja limakhala pansi n'kuyamba kuwerenga ng'ombe za m'khola, matumba a chimanga ndi nyemba, ngakhale ndalama ya khofi imene sinafike n'komwe, kuti mwanayo akalowe ku yunivesite yomwe si ya boma. Mafunso amene makolo amafunsa pa nthawi yotere ndi anzeru ndithu: fizi ndi zingati, malo ogona alipo, nanga sukuluyo ndi yovomerezeka? Koma pali funso lina losafunsidwa kawirikawiri, chonsecho ndi limene limasunga mtengo wa digiri imene mwanayo adzabwere nayo kumudzi. Pa sukulupo, ndani ali ndi mawu omaliza pa zophunzitsa, pa mayeso ndi pa kafukufuku? Ine ndikuti mawu amenewo akhale a aphunzitsi kudzera m'bwalo lawo, osati a mwini sukulu, ngakhale mwiniyo atakhala mpingo umene timaukonda ndi kuulemekeza. Alipo anthu anzeru amene akuona mosiyana, ndipo zifukwa zawo si zopepuka, choncho ndiziyankha chimodzichimodzi.

M'boma lino la Chitipa, momwe kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 230,000, mulibe likulu la yunivesite iliyonse. Ya boma yoyandikira ndi Mzuzu University, imene inalandira ophunzira oyamba mu 1999. Mwa zomwe si za boma, imene mizu yake ili m'chigawo chino ndi University of Livingstonia, ya Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP. Inatsegulidwa mu 2003 pa Khondowe m'boma la Rumphi, inayamba ndi maphunziro a uphunzitsi, kenaka inafalikira ku Ekwendeni ndi ku Kaning'ina mumzinda wa Mzuzu. Siili yokha m'dziko muno. Akatolika ali ndi yawo ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, imene inayamba kuphunzitsa mu 2006, ndipo Sinodi ya Nkhoma, Sinodi ya Blantyre, a Seventh-day Adventist ndi a Assemblies of God nawonso ali ndi zawo. Ndatenga Livingstonia chifukwa mbiri yake ndi yathu. Mishoni ya Livingstonia inafika kuno m'zaka za m'ma 1880, pamene inatsegula siteshoni kwa Mweniwanda m'mbali mwa msewu wa Stevenson, ndipo m'zaka za m'ma 1890 inakhazikika ku Mwenzo pafupi ndi Nakonde. Agogo a ambiri a ife anaphunzira kugwira choko ndi sileti m'sukulu zimene aphunzitsi ake anachokera ku Khondowe.

Maganizo omanga yunivesite pa phiri la Khondowe si a dzulo. Dr Robert Laws anafika pa nyanja ndi gulu loyamba la amishoni mu 1875 ku Cape Maclear, mishoni inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 iye anakwera ku Khondowe n'kuyambitsa sukulu ya Overtoun. Kumeneko kunkaphunzitsidwa uphunzitsi, ubusa, zachipatala, ukalaliki, kutumiza mauthenga pa lamya, ukalipentala ndi kusindikiza mabuku. Anthu amene anatuluka pa sukuluyi anagwedeza mayiko. Levi Mumba anali m'gulu loyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, ndipo anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Clements Kadalie anakayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919. David Kaunda, bambo wake wa Kenneth Kaunda, anatumidwa kukalalikira ndi kuphunzitsa ku Chinsali. Laws ankafuna kuti sukulu yotereyi ikule n'kukhala yunivesite. Koma iye atapuma n'kubwerera kwawo ku Scotland mu 1927, maganizowo anagona tulo, ndipo panadutsa zaka 76 kuti adzuke.

Chinawagoneka n'chiyani? Kuchepa kwa ndalama kunalipo, palibe angakane. Koma tikayang'anitsitsa, tipeza kuti ndalamazo ndi ulamuliro zinali m'manja amodzi. Chuma chinkachokera ku Scotland, zigamulo zikuluzikulu zinkamangidwa ndi komiti ya kumeneko pamodzi ndi bwalo la amishoni achizungu, ndipo pa Khondowe penipenipo zinthu zambiri zinkadalira munthu mmodzi. Aphunzitsi achikuda amene sukuluyo inawasula yokha analibe mpando pomwe zinthu zinkagamulidwa. Charles Domingo, mmodzi mwa ophunzira akuthwa kwambiri a nthawiyo, anamaliza maphunziro a ubusa koma anadikira kudzozedwa mpaka anatopa n'kuchoka. Abusa oyamba achikuda anadzadzozedwa mu 1914, ndipo mmodzi wa iwo, Yesaya Zerenje Mwasi, anatuluka mu 1933 n'kukayamba mpingo wake. Kuona kwanga n'kwakuti Laws atachoka, nyumba za njerwa zinatsala, makina osindikizira anatsala, koma panalibe gulu la anthu ophunzira lokhala ndi mphamvu yonena kuti ntchito iyi ndi yathu ndipo ipitirira. Sukulu imene nzeru zake zonse zimayembekeza chilolezo cha mwini ndalama imayenda pomwe mwiniyo akufuna, imaimanso tsiku limene iye wasintha maganizo.

Tsono tione mmene yunivesite imayenera kuyendera, pakuti ambiri timangoona zovala za tsiku lolandira madigiri osadziwa za m'kati. Mayunivesite ambiri m'Malawi muno, a boma ndi omwe si a boma, anatengera dongosolo la ku Britain la mabwalo awiri. Bwalo loyamba ndi khonsolo. Mmenemo mumakhala oimira mwini sukulu ndi anthu ena odziwa za chuma, za malamulo ndi za kayendetsedwe ka mabungwe. Ntchito yawo ndi ndalama, malo, zomangamanga, malipiro, ndi kulemba ntchito mkulu woyendetsa sukulu tsiku ndi tsiku, amene amatchedwa Vice Chancellor. Bwalo lachiwiri ndi seneti, ndipo ili ndi la aphunzitsi: mapulofesa, akuluakulu a zigawo za maphunziro, atsogoleri a madipatimenti, woyang'anira laibulale, ndi oimira aphunzitsi anzawo. Seneti ndi imene imanena kuti wolowa pa sukulu akhale ndi zomuyenereza zotani, maphunziro atsopano akhale ndi zotani, wakhoza ndani, wabwereza ndani, wachotsedwa ndani. Malikisi a mwana wanu sachoka m'manja mwa lekichala n'kugwera pa satifiketi. Amayamba akambidwa pa msonkhano wa dipatimenti, amakwera ku bwalo la chigawo, katswiri wochokera ku yunivesite ina amaona mafunso ndi mapepala ena kuti atsimikize kuti muyeso sunatsike, ndipo pomaliza seneti imavomereza. Ulendo wautali chomwechi anauika dala, kuti pasapezeke munthu mmodzi, kaya wamkulu chotani, wotha kutembenuza kulephera kuti kukhale kukhoza.

Alimi a khofi a ku Misuku nkhani iyi aimva msanga. Khofi ndi wa mlimi: anamudzala yekha, anamutengulira, anamuthyola. Koma giredi ya khofiyo saika ndi mlimi, amaika ndi wolawa amene ntchito yake ndi kunena zoona za m'kapu. Tsiku limene ogula a kunja angamve kuti mwini khofi ndi amene amauza wolawa giredi yoti alembe, khofi yense wa m'dera limenelo agwa mtengo, wabwino ndi woipa yemwe. Digiri nayonso imagulidwa ndi anthu amene sanaone mmene inapangidwira. Wolemba ntchito ku Lilongwe, ku Mbeya kapena ku Johannesburg sadziwa mwana wanu. Chimene amakhulupirira n'chakuti amene anasaina pepalalo sanakakamizidwe ndi wina aliyense.

Mayiko ena anaphunzira zimenezi ndi misozi. Ku America kuli yunivesite yomwe si ya boma yotchuka pa kafukufuku, ya Stanford, imene anaimanga ndi chuma chawo Leland Stanford, mwini njanji, ndi mkazi wake Jane. Mu 1900 mphunzitsi wina wa za chuma, Edward Ross, ankayankhula poyera zinthu zimene mayi Stanford sanakondwe nazo. Zina mwa zonena zake, makamaka zonyoza anthu obwera kuchokera ku Asia, zinali zoipa ndithu, ndipo sindikumuikira kumbuyo pa zimenezo. Koma sanazengedwe mlandu ndi anzake odziwa ntchito yake. Mwini sukulu anangolamula kuti achoke, ndipo anachoka. Aphunzitsi ena angapo anatula pansi udindo pokwiya, ndipo dzina la sukuluyo linada m'dziko lonselo. Mu 1904 Stanford inakhazikitsa bwalo la aphunzitsi lokhala ndi mphamvu pa nkhani za maphunziro, ndipo mu 1968 bwalolo linadzipangira seneti yosankhidwa ndi aphunzitsi eni ake. Mmodzi mwa amene anachoka pa nthawi ya Ross, Arthur Lovejoy, anagwirizana ndi John Dewey mu 1915 kuyambitsa bungwe la aphunzitsi a mayunivesite a ku America, limene mfundo zake zimatsatidwa mpaka lero. Stanford imene dziko lapansi likuitamanda tsopano ndi ija inaphunzira kuti mwini chuma aime patali ndi choko.

Sitifunikanso kuwoloka nyanja kuti tipeze umboni. Mu Seputembala 1987, Jack Mapanje, amene ankatsogolera dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College ku Zomba, anamangidwa n'kusungidwa ku Mikuyu popanda mlandu mpaka 1991. Pa 12 Febuluwale 2011, mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa pa Chancellor College pomwepo, kuti afotokoze zimene anaphunzitsa m'kalasi, pomwe anayerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja m'Malawi ndi zimene zinautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti mulibe akazitape. Khonsolo ya yunivesite inachotsa ntchito aphunzitsi anayi, kuphatikizapo a Chinsinga ndi a Jessie Kabwila amene ankatsogolera bungwe la aphunzitsi, ndipo mkanganowo unatenga miyezi pafupifupi 8 mpaka Okutobala, pamene anayiwo anabwezeretsedwa. Taonani bwino: chikwanje chinali m'manja mwa khonsolo, ndipo amene anaima kuti kalasi ikhale malo omasuka anali aphunzitsi. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa maphunziro pamodzi ndi ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo, ndipo silinena kuti ufuluwo umathera pa geti la sukulu ya boma. Kusiyana kwake n'kwakuti pa sukulu ya boma mantha amachokera ku ndale, pamene pa sukulu yomwe si ya boma angachokere kwa mwini ndiponso ku thumba la fizi.

Wina anena kuti: "Zonsezo tamva, koma sukuluyi tinamanga ndife. Malo ndi athu, nyumba ndi zathu, ngongole zikabwera amalondola ife. Ndiye tikhale bwanji alendo pa khomo pathu?" Mawu amenewa ali ndi choonadi chambiri, ndipo amene akuwanyoza sanayendetsepo bungwe. Yunivesite yomwe si ya boma silandira thandizo la mwezi ndi mwezi kuchokera ku Capital Hill. Ikalephera kulipira magetsi ndi malipiro imatsekedwa, ndipo seneti yanzeru chotani singaphunzitse mumdima. N'chifukwa chake sindikunena kuti aphunzitsi agwire thumba. Khonsolo ili ndi ufulu wonse wonena kuti maphunziro awa sitingawakwanitse chaka chino, kapena kuti fizi ikwera. Chimene sichiyenera ndi chakuti kusowa kwa ndalama kulowe m'chipinda cha mayeso. Pa sukulu yodalira fizi, wophunzira aliyense wochotsedwa chifukwa cholephera ndi ndalama yotayika, ndipo aliyense wolowa ngakhale mapointi ake ndi osakwanira ndi ndalama yolowa. Chiyeso chimenechi chilipo pa sukulu iliyonse yotere, ngakhale eni ake atakhala oopa Mulungu, chifukwa sichichokera ku mtima woipa koma ku masamu. Munthu mmodzi akamasenza nkhawa ya malipiro a mwezi uno komanso mphamvu yonena kuti wakhoza ndani, tamuika pa mayesero amene sitikanafuna kuikapo mbale wathu. Kulekanitsa mabwalo awiriwa kumateteza mwini sukulu yemweyo, pakuti chuma chake chenicheni si nyumba ayi, ndi dzina la digiri yake.

Wachiwiri anena za chikhulupiriro: "Mpingo sunamange yunivesite kuti ana athu akaphunzitsidwe kunyoza Mulungu." Nkhawa iyi ndiyimva, ndipo mpingo uli ndi ufulu wosunga chikhalidwe cha sukulu yake: mapemphero, malamulo a khalidwe pa sukulu, ndi chiphunzitso chimene abusa ake akuphunzitsidwa. Ngakhale mfundo za aphunzitsi a ku America za 1940 zinavomereza kuti sukulu ya chipembedzo ingaike malire, koma zinati malirewo alembedwe momveka pa nthawi imene munthu akulembedwa ntchito, osati azitulukira pambuyo pake pofuna kumuchotsa. Malire otere sangafike pa zotsatira za kafukufuku. Wophunzitsa mbiri akapeza m'makalata akale kuti amishoni ena anachedwetsa Domingo mopanda chilungamo, ayenera kunena. Nkhani ndafotokoza poyamba ija timaidziwa bwino chifukwa akatswiri monga John McCracken anafufuza n'kulemba mosabisa, ndipo mpingo sunagwe chifukwa cha zimenezo. Komanso kwa Aprezibeteriya dongosolo la seneti si lachilendo konse. CCAP ilibe bishopu wolamula yekha. Imayenda ndi mabwalo, kuyambira seshoni ya akulu a mpingo, presibitale, mpaka sinodi, ndipo wapampando amachita kusankhidwa. Sinodi ya Livingstonia ikudziwanso mtengo wa kuyankhula: inatsutsa poyera ndondomeko ya kota posankha ophunzira, ndipo mu 2010 mlembi wake wamkulu, mbusa Levi Nyondo, anamangidwa chifukwa cha mawu amene anayankhula pa maliro. Mpingo umene unalipira chotere kuti guwa lake likhale lomasuka uli ndi chifukwa chachikulu kuposa wina aliyense chosiyira kalasi ufulu womwewo.

Chotsutsa chachitatu ndi chimene chimandilemera kwambiri, chifukwa chimachokera kwa ophunzira ndi makolo. Amati aphunzitsi si angelo. Alipo ochedwetsa malikisi miyezi, alipo obwereza manotsi omwewo zaka khumi, ndipo alipo, tinene mosapsatira, amene amafuna thupi la mwana wamkazi kuti amukhozetse. Kupatsa anthu otere mphamvu zambiri, si kuwapatsa mpata wobisana? Ngozi imeneyi ndi yeniyeni, ndipo seneti ikhoza kuvunda monga bwalo lina lililonse. Koma tiyeni tione chimene chimagwira lekichala woipa. Chimamugwira ndi pepala la mayeso lolembedwa nambala m'malo mwa dzina, mnzake wachiwiri wochonganso pepala lomwelo, katswiri wa kunja uja, ufulu wa wophunzira wopempha kuti pepala lake lionedwenso, ndi mpando wa oimira ophunzira m'mabwalo. Zonsezi ndi zida za ulamuliro wa gulu. Kumene mphamvu zili kwa bwana mmodzi, lekichala woipa amangofunika kukhala bwenzi la bwanayo basi, ndipo mtsikana wodandaula alibe khomo lina logogoda. Ndiponso ulamuliro wa aphunzitsi sutanthauza kuti mphunzitsi sachotsedwa ntchito. Wogwiririra, wakuba ndi waulesi achotsedwe, ndipo wa mlandu wa polisi apite ku polisi. Chofunika n'chakuti mlandu ulembedwe, woimbidwa mlandu amvedwe, ndipo ngati nkhani ikukhudza luso lake la kuphunzitsa kapena zimene wapeza pa kafukufuku, oyamba kuiweruza akhale odziwa phunzirolo.

Ena amadalira boma, amati bungwe la National Council for Higher Education lilipo, ndiye tide nkhawa chifukwa chiyani. Zoona, lamulo la 2011 linakhazikitsa bungweli kuti lizilembetsa sukulu za ukachenjede ndi kuvomereza maphunziro ake, ndipo kholo lililonse lisanalipire tambala liyambe laona ngati sukuluyo ndi phunziro lenilenilo zili pa mndandanda wa NCHE. Ngakhale ngongole za bungwe lobwereketsa ophunzira limene linayamba mu 2015 zimapita kwa amene ali pa maphunziro ovomerezeka. Koma oyendera a NCHE amabwera masiku ochepa, amaona mafayilo, laibulale ndi ziphaso za aphunzitsi, n'kubwerera ku Lilongwe. Sakhalapo madzulo amene dipatimenti ikukambirana za wophunzira amene wapereweza malikisi awiri pomwe bambo wake ndi munthu wodziwika. Pa ola limenelo mlonda ndi mphunzitsi amene akudziwa kuti akakana sataya ntchito.

Tifike tsono pa kafukufuku, pomwe nkhaniyi ikukhudza Chitipa koposa. Maganizo akuti yunivesite isamangogawa nzeru zakale koma izipanganso zatsopano anakhazikika ku Berlin mu 1810 ndi Wilhelm von Humboldt, ndipo ku America anayamba ndi Johns Hopkins mu 1876, yomwenso si ya boma. Kuno kwathu mayunivesite omwe si a boma akadali sukulu zophunzitsa kwambiri kuposa zofufuza, ndipo chifukwa chake ndi chodziwika: fizi imalipira kalasi, silipira mafunso. Woyang'ana thumba yekha adzatsegula maphunziro ofuna chipinda, bolodi ndi mphunzitsi mmodzi, chifukwa ndi otsika mtengo ndipo ofuna ndi ambiri. Nanga mafunso a boma lino adzafunsa ndani? Kuno kumayankhulidwa Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chinamwanga, Chimambwe, Chibemba, Chitumbuka ndi zina, kotero kuti palibe boma lina m'Malawi lokhala ndi ziyankhulo zambiri chotere. A Centre for Language Studies a University of Malawi anayendera chigawo cha kumpoto mu 2006 kulemba za ziyankhulozi, koma kulemba kuti chiyankhulo chilipo ndi chiyambi chabe. Mwana wa ku Misuku amene kunyumba amayankhula Chisukwa amakumana ndi mabuku a Chichewa ndi Chingerezi tsiku loyamba la Sitandade 1. Amaphunzira bwanji kuwerenga? Amataya zaka zingati asanagwire? Mphunzitsi wake, amene mwina ndi wochokera ku Mzimba kapena ku Dedza, amuthandize motani? Yunivesite imene inayamba ndi kusula aphunzitsi, ili m'chigawo chomwechino, ndiyo yoyenera kufunsa zimenezi, koma palibe wophunzira amene adzalipire fizi kuti zifunsidwe.

Mafunso ena ali mbwee. Chiwawu cha masamba ndi mbozi yoboola tsinde la khofi, tsogolo la nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa zimene zimasunga madzi a m'mapiri a Misuku, mtsinje wa Songwe umene umasuntha njira yake pomwe ndiwo malire a mayiko awiri, chimanga chimene chimatuluka m'njira zachidule kupita ku Tanzania pamene mlimi wagulitsa motchipa, miyala ya ku Ilomba ndi phindu limene anthu ozungulira amapeza. Ena mwa mafunsowa mayankho ake sadzakondweretsa aliyense. Wofufuza za migodi angakhumudwitse kampani imene mawa ikanapereka mphatso ku sukulu. Wofufuza za malonda a m'malire angakhumudwitse akuluakulu a boma. Mphunzitsi amene kontirakiti yake ikutha mu Disembala, ndipo kuikonzanso kukudalira nkhope ya munthu mmodzi, sadzayandikira mafunso otere. Adzasankha mutu wosapweteka aliyense, kapena sadzafufuza n'komwe. Seneti yamphamvu ndiyo ingalembe lamulo lakuti mphunzitsi sakwezedwa popanda kafukufuku wounikidwa ndi akatswiri anzake, kuti maola ophunzitsa akhale ndi malire kuti nthawi yopita kumudzi ipezeke, ndiponso kuti zotsatira zisindikizidwe ngakhale zili zowawa.

Apa pali vuto limene sitingalilumphe. Seneti imapangidwa ndi anthu okhazikika, koma sukulu zambiri zomwe si za boma zimadalira aphunzitsi aganyu, obwera kudzaphunzitsa maola awo n'kuthamangira kwina. Munthu wotere sakhala pa msonkhano wa dipatimenti, sayang'anira kafukufuku wa ophunzira mpaka kumapeto, ndipo alibe chifukwa chokanganira muyeso wa sukulu imene mwina chaka chamawa sadzakhalako. Kukhazikitsa aphunzitsi pa malo ngati Khondowe, pamwamba pa mapindikidwe a msewu wa Gorodi, kumafuna nyumba, sukulu za ana awo, intaneti yodalirika ndi malipiro ofika pa nthawi yake. Apa m'pamene khonsolo ndi mwini sukulu ali ndi ntchito yaikulu imene wina sangawagwirire. Ndiponso seneti imene mamembala ake onse anaikidwa pa maudindo ndi Vice Chancellor, popanda ngakhale mmodzi wosankhidwa ndi aphunzitsi anzake, ili ndi dzina lokha; imamva mawu a munthu mmodzi akubwerera kuchokera m'makamwa ambiri.

Pa yunivesite ya mpingo, mwini si munthu wobisika kutali. Ndi akhristu a m'mipingo ya kuno komwe, amene amatuma abusa ndi akulu a mpingo ku presibitale ndi ku msonkhano wa sinodi, kumene malipoti a sukulu, zipatala ndi yunivesite amawerengedwa. Inu abambo ndi amayi amene mumatumidwa kumeneko, lipoti la yunivesite likamawerengedwa musamangomvera chiwerengero cha omaliza maphunziro ndi nyumba zimene zamangidwa. Pemphani kuti malamulo oyendetsera sukuluyo akhale poyera, kuti kholo la ku Kameme lithe kuwawerenga. Funsani kuti mwa aphunzitsi onse okhazikika ndi angati, mwa mamembala a seneti osankhidwa ndi anzawo ndi angati, ndiponso ngati khonsolo ili ndi mphamvu yosintha zotsatira za mayeso zimene seneti yavomereza. Funsani kuti pa kwacha iliyonse ya fizi, ndi matambala angati amene apatulidwira kafukufuku, ndipo mwa kafukufuku wa chaka chathachi, ndi uti amene anachitikira ku Chitipa.